Kusaka msilikali ndi namwino wa pankhondo m'mafayilo akale

Mabanja ambiri amene wachibale wawo anapita ku nkhondo amakhala ndi zinthu zitatu: dzina, chithunzi chimodzi chothimbirira, ndi nkhani imene yadutsa m'kamwa mwa mibadwo ingapo, aliyense akuikometsera pang'ono. "Agogo anakamenya nkhondo ku France." "Azakhali awo a bambo anali namwino wa asilikali." Wina akafuna kudziwa zoona zake amalowa pa intaneti n'kulemba dzinalo, ndipo amapeza anthu makumi asanu a dzina lomwelo, kapena sapeza ndi mmodzi yemwe. Ambiri amagwira njakata pomwepo. Komatu nthawi zambiri zolemba zimakhala zilipo, kungoti timazifunsa funso la pabanja pamene izo sizinalembedwere banja.

Kalaliki wa asilikali sankaganiza za zidzukulu. Ankalemba dzina la munthu pofuna kudziwa woti alipidwe, woti alangidwe, woti alandire mendulo kapena penshoni, ndiponso woti adzatumiziridwe uthenga munthuyo akafa. Ntchito iliyonse mwa zimenezi inali ndi ofesi yake, kaundula wake ndi nyumba yake yosungiramo mapepala. Choncho musayambe ndi kufunsa kuti fayilo ya agogo ili kuti. Funsani kuti ndi ofesi iti imene inali ndi chifukwa cholembera dzina lawo. Ndikamba kwambiri za asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, chifukwa kalembedwe kawo kanafika m'mayiko ochuluka, koma kaganizidwe kake n'kamodzimodzi kwina konse.

Ku usilikali munthu amadziwika ndi nambala yake ndi gulu lake, dzina limangotsatira. Chovuta n'chakuti chisanafike chaka cha 1920 rejimenti (gulu lalikulu la asilikali lokhala ndi dzina lakelake) iliyonse ya Britain inkapereka manambala akeake, moti nambala imodzi inkatha kukhala ya amuna ambiri m'marejimenti osiyana. Msilikali akasamutsidwa ankalandira nambala yatsopano. Mu 1917 amuna a Territorial Force, amene nkhondo isanayambe ankachita usilikali pa nthawi yopuma ku ntchito zawo, anapatsidwanso manambala ena a madijiti 6. Ndiye mukaona manambala atatu pa dzina limodzi musathamangire kunena kuti ndi anthu atatu, ndipo nambala ikagwirizana koma rejimenti ili ina, ameneyo si wanu.

Nambalayo imapezeka pakhomo pomwepo kawirikawiri. Mendulo za nkhondo yoyamba zinkadindidwa dzina, udindo, nambala ndi gulu, m'mphepete kapena kumbuyo kwake. Za nkhondo yachiwiri zimene Britain inapereka zinalibe dzina, choncho sizithandiza motero. Setifiketi ya ukwati kapena ya kubadwa kwa mwana m'zaka za nkhondo imatha kutchula gulu la bambo. Kaundula wa ovota amene anali kutali ndi kwawo pa chisankho cha ku Britain cha 1918, m'madera amene anasungika, amaika adiresi ya pakhomo pambali pa nambala ndi gulu, ndipo zimenezi n'zamtengo chifukwa zimamangiriza msilikali ku nyumba yodziwika. Chithunzi nachonso chimalankhula. Baji ya pachisoti imaulula rejimenti, ndipo kamzere koimirira pafupi ndi dzanja la malaya kumkono wamanzere n'chizindikiro chakuti munthuyo anavulalapo. Kamzereka kanayamba mu 1916, kutanthauza kuti chithunzi chotere sichingakhale cha m'mbuyo mwa chakacho.

Tsopano nkhani ya moto. Mu Sepitembala 1940 bomba la Germany linagwera nyumba yosungiramo mafayilo a asilikali pa Arnside Street mu London. Munali mapepala a amuna pafupifupi 6.5 miliyoni a nkhondo yoyamba, ndipo magawo awiri mwa atatu anapsa kapena kuwonongeka ndi madzi a ozimitsa moto. Otsalawo, akuda m'mbali ndi obooka, ali ku National Archives, nyumba yosungiramo zolemba za boma la Britain ku Kew mu London, pansi pa chizindikiro cha WO 363. Pali mulu wina, WO 364, umene unasonkhanitsidwa kuchokera ku mapepala a penshoni amene anali kwina pa tsiku la motowo. Kunena mosabisa, mwayi wosapeza fayilo ya msilikali wamba wa Britain ndi waukulu kuposa woipeza.

Si Britain yokha. Pa 12 Julayi 1973 moto unabuka ku National Personnel Records Center, nyumba yosungiramo mafayilo a asilikali ku St. Louis ku America, n'kunyeketsa mafayilo a pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, kuphatikizapo pafupifupi 80 mwa 100 alionse a asilikali a pamtunda a America amene anatuluka usilikali kuyambira Novembala 1912 kufika kumayambiriro kwa 1960. Ku Germany, zolemba za asilikali a Prussia zinapsa ku Potsdam mu Epulo 1945, pamene za Bavaria zinapulumuka chifukwa zinali ku Munich. Koma Australia ndi Canada anasunga zawo pafupifupi zonse, anazijambula n'kuziika pa intaneti kuti aliyense aziwerenga ulere. Za Canada zokha ndi mafayilo oposa 600,000. Apa pali poyenera kuchenjera: chofunika ndi dziko limene munthu anavalira yunifolomu, osati kumene anabadwira. Anyamata ambiri obadwira ku Britain anali atasamukira ku Canada kapena ku Australia nkhondo isanayambe, ndipo analembetsa komweko. Banja limatha kutha zaka likusaka ku Kew munthu amene fayilo yake yonse ili ku Ottawa, likulu la Canada.

Fayilo ikapsa ndi pamene funso la maofesi lija limagwira ntchito, chifukwa ofesi ya mendulo, ya penshoni ndi ya chuma cha omwalira sizinkasunga mapepala pa Arnside Street. Makadi a mendulo, oposa 5 miliyoni, alipo pansi pa WO 372. Khadi limatchula dzina, udindo, magulu onse amene munthu anatumikira kunja ndi manambala ake, ndipo kwa amene anapita 1915 isanathe limatchulanso tsiku limene anaponda koyamba kumalo a nkhondo. Silitchula zaka, kwawo kapena makolo, moti palokha silingakutsimikizireni kuti uyu ndi wanu. Ntchito yake yeniyeni ndi kukulozerani ku mabuku a mendulo, WO 329, amene kawirikawiri amatchula batalyoni, gulu locheperapo la m'kati mwa rejimenti. Amene sanatuluke m'dziko mwawo sankalandira mendulo zimenezi, ndiye kusowa kwa khadi sikutanthauza kuti agogo ankanama.

Wotulutsidwa usilikali chifukwa cha mabala kapena matenda ankapatsidwa Silver War Badge, imene inayamba mu 1916 kuti anthu asamamunyoze pamsewu pomuona atavala zovala wamba. Kaundula wa bajiyi ali ndi tsiku lolowera usilikali, tsiku lotulukira ndi chifukwa chake. Koma kwa wofufuza mbiri ya banja, makadi a penshoni amene bungwe la Western Front Association linapulumutsa kuti asatayidwe ndiwo opambana. Penshoni imafuna kudziwa wolandira, choncho makadiwo amakhala ndi adiresi, dzina la mkazi wamasiye kapena la mayi, ndipo nthawi zina mayina a ana ndi masiku awo obadwa. Ndi pamenepo pamene nambala ya kalaliki imakumana ndi anthu amene inu mukuwadziwa.

Mukadziwa batalyoni, mungawerenge buku la tsiku ndi tsiku limene ofesala wa gululo ankalemba, losungidwa pansi pa WO 95. Musayembekezere kupezamo dzina la msilikali wamba. Maofesala amatchulidwa mayina, enawo amangowerengedwa: akufa angapo, ovulala angapo. Komabe bukuli limakuuzani mudzi umene gululo linagona, ngalande imene linabisalamo ndi zimene zinachitika tsiku limene munthu wanu anavulala. Kungoti rejimenti imodzi inkakhala ndi mabatalyoni ambiri, ena ku France, ena ku Gallipoli m'dziko la Turkey, ena ku Mesopotamia (Iraq wa lero). Kumva kuti rejimenti yakuti inali pa nkhondo ya ku Somme ku France mu 1916 si umboni wakuti agogo analiko, ndipo ngakhale batalyoni yawo inaliko, iwo mwina anali m'chipatala kapena pa tchuthi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wakufa ndi wosavuta kumupeza kuposa wopulumuka. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene Fabian Ware anayambitsa mu 1917, lili ndi mayina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni a nkhondo ziwiri zija, ndi manda awo kapena chipilala chimene dzina linalembedwapo. Limawerengera amene anamwalira kuyambira pa 4 Ogasiti 1914 kufika pa 31 Ogasiti 1921, ndi kuyambira pa 3 Sepitembala 1939 kufika pa 31 Disembala 1947. Wofa ndi mabala ake patapita masiku amenewa simumupeza. Mawu onena za makolo kapena mkazi amene amaoneka pansi pa mayina ena anachokera ku mabanja amene anabweza fomu, ndiye pamene palibe ndiye kuti fomuyo sinabwerere. Ogwidwa ukaidi ali m'makadi mamiliyoni a International Committee of the Red Cross ku Geneva, koma muziyesa malembedwe angapo a dzina, popeza mayina ambiri anadutsa m'manja mwa alembi a chilankhulo china.

Ndipo si onse amene analembedwa mofanana. Lipoti limene bungwe la manda lija linatulutsa mu 2021 linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ochuluka anali amtengatenga ndi antchito ena amene ankasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa. Pamenepa moto sunawononge kanthu. Ofesi sinaone chifukwa cholembera mayinawo, kapena inawalemba n'kuleka kuwasamala. Wosaka munthu wotere amadalira kwambiri mabuku a mendulo a magulu monga King's African Rifles, zolemba za mishoni ndi za boma la atsamunda, ndiponso zimene akuluakulu a m'banjamo akukumbukira.

Anamwino ali ndi vuto lina. Pabanja amangoti "anali namwino pa nkhondo", koma akazi amene ankasamalira ovulala anali pansi pa mabungwe osiyanasiyana, ndipo lililonse linkasunga mapepala akeake. Musanatsegule kaundula aliyense muyenera kudziwa amene anamulemba ntchito.

Panali anamwino a usilikali enieni a Queen Alexandra's Imperial Military Nursing Service, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902. Kulowamo kunali kovuta. Mkazi ankayenera kukhala atatha zaka zitatu akuphunzira m'chipatala chovomerezeka, wa zaka zosachepera 25, wosakwatiwa kapena wamasiye, ndipo fomu yake inkafunsa ngakhale ntchito ya bambo ake. Nkhondo itayamba mu 1914 analipo osakwana 300. Zikwi za anamwino amene anadzaza zipatala za asilikali analowera ku nthambi yake yothandizira ya Reserve, pa mgwirizano wa nthawi yochepa, kapena ku Territorial Force Nursing Service. Mafayilo a magulu amenewa, oposa 15,000, ali pansi pa WO 399, ndipo moto wa 1940 sunawakhudze. Chimene chinawakhudza ndi manja a anthu: m'zaka za m'ma 1930 alembi anapatulamo mapepala ambiri n'kuwataya, ndipo mafayilo a amene anapitiriza ntchito mpaka nkhondo yachiwiri sali m'gulumu.

Fayilo yotere ikakhala yodzaza imaposa ya msilikali wamba. Mumapezamo tsiku lobadwa, chipatala chimene anaphunzirako, wachibale woti adziwitsidwe, malo onse amene anatumizidwa, malipoti achinsinsi a matroni (mkulu wa anamwino) onena za ntchito ndi khalidwe lake, zotsatira za madokotala akadwala, ndi makalata olemba yekha, ambiri odandaula za ndalama zimene sanalandire. Malo antchitowo muziwawerenga mosamala, chifukwa amasonyeza moyo umene anakhala. Ovulala ankayamba kufikira pa zipatala za matenti zoyandikira kumene mizinga ikulira, zotchedwa Casualty Clearing Station, kenako n'kutengedwa pa sitima za pamtunda kapena mabwato kupita ku zipatala zazikulu za kugombe monga za ku Étaples, Rouen ndi Boulogne, n'kuwoloka nyanja pa sitima zachipatala. Namwino amene anali pa chipatala cha matenti mkati mwa nkhondo yaikulu anaona zosiyana kwambiri ndi mnzake amene anali ku chipatala cha ochira. Ndipo mosiyana ndi asilikali, anamwino amatchulidwa mayina m'buku la tsiku ndi tsiku la Maud McCarthy, matroni wamkulu wa asilikali a Britain ku France, amene ankalemba za kusamutsidwa, kudwala ndi kusiya ntchito kwa akazi ake mmodzimmodzi.

Komabe "anamwino" ambiri a m'nkhani za pabanja sanali a magulu amenewa. Anali odzipereka a Voluntary Aid Detachment, dongosolo limene linayamba mu 1909 pansi pa British Red Cross ndi Order of St John. Anthu oposa 90,000 anagwira ntchito imeneyi pa nkhondo yoyamba, akazi ndi amuna omwe. Ankaphunzira chithandizo choyamba ndi kasamalidwe ka odwala mwachidule, ndipo ena ankathandiza m'mawodi, ena ankaphika, kuchapa, kukolopa kapena kuyendetsa ambulansi, ambiri m'nyumba za anthu ndi m'maholo amene anasandutsidwa zipatala, zoposa 3,000 m'dziko la Britain. Makadi awo ali ndi British Red Cross ndipo amasakika pa intaneti. Khadi limatchula adiresi, tsiku loyamba ndi lomaliza, ntchito yake, ngati ankalipidwa, ndipo nthawi zina maola amene anagwira. Mabanja ena amakhumudwa akapeza kuti azakhali aja anali wophika. Ine sindiona chokhumudwitsa pamenepo, poti wodi ya amuna ovulala singayende tsiku ndi limodzi lomwe popanda wophika ndi wochapa. Koma zoti anamwino ophunzira ndi odziperekawo ankayang'anana ndi diso lofiira n'zoona, ndipo kusamvana kumeneko kunathandiza kufulumizitsa lamulo la 1919 lolembetsa anamwino m'kaundula wa boma. Kaundulayo anatuluka koyamba mu 1922, ndipo amatchula kumene namwino anaphunzira ndi zaka zake za maphunziro. Ngati munthu wanu ali mmenemo, nthawi zambiri ndiye kuti anali wophunzira ntchitoyo mokwanira.

Palinso amene sanali a asilikali kapena a Red Cross ya kwawo. Scottish Women's Hospitals, imene dokotala Elsie Inglis anayambitsa mu 1914 boma lake litakana thandizo lake, inatumiza akazi ku Serbia ndi ku France pansi pa maboma a mayikowo. Edith Cavell wa ku Britain, amene anaomberedwa ndi asilikali a Germany ku Brussels pa 12 Okutobala 1915, anali mkulu wa sukulu ya anamwino ya anthu wamba. Namwino wodziwika kwambiri wa nkhondo imeneyo sanali wa usilikali, ndiye wanu akasowa mu WO 399 musadabwe. Anamwino a asilikali a panyanja a Britain anali ndi gulu lawolawo, ndipo mapepala awo ali m'zolemba za Admiralty, ofesi imene inkayang'anira sitima zankhondo. Canada inkapatsa anamwino ake ulemu wa ofesala ndipo mafayilo awo ali pamodzi ndi a asilikali, monganso a ku Australia. A Army Nurse Corps ya America, imene inayamba mu 1901, mafayilo awo anali m'gulu limene linakumana ndi moto wa ku St. Louis.

Chithunzi chingakuthandizeni kulekanitsa maguluwa. A gulu lokhazikika ankavala kansalu kofiira kokuta mapewa, a Reserve kotuwa ka mphepete yofiira, a Territorial kofanana nako koma kokhala ndi chilembo T m'makona, pamene odzipereka a Red Cross ankakhala ndi mtanda pa epuloni. Pa chithunzi chopanda mitundu muyang'ane mphepeteyo ndi baji.

Msampha waukulu kwa akazi ndi dzina. Banja limamukumbukira ndi dzina la kwa mwamuna, pamene iye anatumikira ndi la kwa bambo ake, ndipo fayilo imatha kukhala pa dzina lililonse mwa awiriwa malinga ndi nthawi imene anakwatiwa. Pezani kaye setifiketi ya ukwati, kenako sakani mayina onse awiri. Wolandira mendulo ya Royal Red Cross, imene Mfumukazi Victoria inakhazikitsa mu 1883, amapezeka mu London Gazette, nyuzi ya zilengezo za boma la Britain, ndipo magazini a anamwino monga British Journal of Nursing ankalengeza za olembedwa ntchito, osamutsidwa ndi omwalira. Omwalirawo analipo ndithu. Anamwino 10 a New Zealand anamira ndi sitima ya Marquette pa 23 Okutobala 1915, ndipo 14 a Canada anafa pamene Llandovery Castle inamizidwa pa 27 Juni 1918. Ena ambiri anatengedwa ndi matenda, makamaka chimfine cha 1918.

Pepala la boma nalonso limanama. Lamulo la Britain linkati msilikali wopita kunja akhale wa zaka 19, ndiye anyamata ankadziwonjezera zaka, achikulire ankadzichotsera, ndipo akazi ofuna unamwino ankachitanso chimodzimodzi. Ena analembetsa ndi dzina lina pothawa ngongole, mlandu kapena banja. Pamwamba pa zimenezi pali zolakwa za amene anakopera malembo a pamanja akale kuwaika m'kompyuta. Chifukwa chake musakhutire ndi mzere umene makina akuonetsani, tsegulani chithunzi cha pepala lenilenilo. Ndipo musalandire munthu m'banja chifukwa cha dzina ndi zaka zokha. Pafunika china chimene sichingangogwirizana mwangozi, monga adiresi imene ilinso mu kalembera wa anthu wa 1911 kapena wa 1921, dzina la mayi, kapena tsiku lobadwa la mwana. Mindandanda yambiri ya mibadwo ya mabanja ya pa intaneti ili ndi ngwazi zobwereka chifukwa wina anaona mendulo ya ulemu pa dzina lofanana n'kuikumbatira.

Konzekeraninso kuwerenga zimene banja silinanene. M'mafayilo muli zilango za kuledzera ndi kuthawa, matenda opatsirana pogonana, misala yobwera ndi mizinga, mwana wa kunja amene ankalandira gawo la malipiro, kapena namwino wobwezedwa kwawo chifukwa cha lipoti loipa la matroni. Ngati ana a munthuyo akadali moyo, ndi bwino kuganiza kaye musanaziike poyera.

Za nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, zambiri sizinatsegulidwe kwa aliyense. Ku Britain mafayilo a amene anatumikira kupyola 1920, anamwino a usilikali omwe, anakhala m'manja mwa unduna wa zachitetezo, ndipo kuyambira 2021 mamiliyoni a mafayilowo akusamutsidwira ku National Archives pang'onopang'ono. Amapemphedwa polemba fomu, kawirikawiri pamodzi ndi setifiketi ya imfa, ndipo zokhudza matenda zimatha kubisidwa. Ku America fayilo imatseguka kwa onse pakapita zaka 62 munthu atatuluka usilikali, ndipo kumene inapsa, ogwira ntchito ku St. Louis amayesa kulumikiza mbiriyo kuchokera ku mapepala a malipiro ndi a chipatala. Polemba pempho ikanimo dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ngati muli nayo, ndipo ngati ndi mkazi, mayina ake onse awiri.